Grandstream UCM6302: talumikiza mafoni a ofesi ya Lilongwe ndi ya ku Limbe, nayi mmene ndayionera

Kwa amene mukufuna yankho lachangu, kabokosi aka ka Grandstream UCM6302, komwe ndi PBX kutanthauza makina olumikiza mafoni onse a mu ofesi, ndi kabwino ndipo ngati muli ndi maofesi awiri kapena atatu omwe amangoimbirana tsiku lonse pa mayunitsi, gulani musachite mantha. Koma musathamangire kugula musanakhale pansi ndi pepala ndi cholembera nkukonza kaye manambala anu, chifukwa ntchito yeniyeni ili pamenepo osati pa kabokosiko. Anthu ambiri omwe amadandaula kuti makina awa ndi ovuta ukawafunsa bwinobwino upeza kuti anayamba kulumikiza ma kebulo asanagwirizane kuti ofesi iti ikhala ndi manambala ati.

Ife timagulitsa zipangizo zomangira nyumba, likulu lili ku Lilongwe ndipo nthambi ili ku Limbe, mtunda wopitirira makilomita 300 pa M1, nde anthu amaimbirana kosalekeza, kodi simenti yatsala matumba angati, kodi lole yanyamuka, kodi invoice ya kasitomala uja mwaiona. Kale aliyense amaimba pa foni yake yam'manja kenako kumapeto kwa mwezi kumabwera timapepala topempha kubwezeredwa mayunitsi, koma chomwe chinkandipweteka kwambiri ine sichinali ndalamazo, chinali kasitomala. Munthu waimba ku Lilongwe koma nkhani yake ndi ya ku Limbe, mayi a pa reception amangomuuza kuti bambo pepani tengani cholembera ndikupatseni nambala ina muimbe kumeneko, munthu uja adule aimbenso ndi mayunitsi ake, ndipo ena samaimbanso ayi amangopita kukagula kwina.

Zomwe timafuna ndi zomwe akale ankazitcha tie line kapena private line, kutanthauza njira yathuyathu pakati pa PBX ya ofesi iyi ndi PBX ya ofesi inayo, kuti munthu angodina manambala anayi foni ilire tsidya linalo osadutsa ku kampani ya mafoni. Kale zimenezi zinali za mabanki ndi makampani akuluakulu basi, umayenera kubwereka layini yako yokha ku kampani ya mafoni nkumalipira mwezi ndi mwezi, layini imodzi yotereyi yotchedwa E1 imanyamula ma call 30 nthawi imodzi pa 2.048 Mbps, ndipo makadi ake olowetsa mu PBX nawonso sanali otchipa. Pano njira yomweyo ukuipanga ndi SIP trunk, layini ya mafoni yoyenda pa netiweki, yodutsa mkati mwa VPN, njira yotetezedwa yolumikiza maofesi awiri, pa intaneti yomwe ukulipira kale.

Kabokosi kenikeniko ndi kakang'ono, kamakwana pa shelefu pafupi ndi rauta, kali ndi ka sikirini komwe kamaonetsa IP address yake, chinthu chaching'ono koma chimathandiza kwambiri tsiku loyamba sumachita kusakasaka pa netiweki. Kali ndi ma port awiri a FXO olowetsapo malayini a MTL aja a pansi, awiri a FXS olumikizapo foni wamba kapena fax ngati mukadali nayo, ndipo opanga ake amati kamanyamula anthu mpaka 1000 ndi ma call 150 nthawi imodzi, ife sitingafikeko ngakhale pang'ono. Umalowa pa browser kudzera pa port 8089, password yoyamba inalembedwa pa sitika ya kabokosiko. Chomwe chinandikoka kwambiri ndi choti palibe layisensi yolipira pa munthu aliyense, ukagula wagula, ukawonjezera wantchito umangomupangira extension, nambala yake ya mkati mwa ofesi. PBX ina yotchedwa 3CX ndi yabwino nayo koma layisensi yake ndi ya chaka ndi chaka mu ndalama zakunja, ndipo ndi mmene forex ikuvutira kuno sindinafune kuti mafoni a kampani adzadalire ngati banki yatipatsa madola chaka chimenecho.

Ku Limbe kunali kale PBX ya Yeastar S20, kabokosi kakang'ono ka anthu 20 ndi ma call 10, komwe kali ndi module ya SIM card. Sitinakachotse. Ena amaganiza kuti mbali zonse ziwiri pakhale mtundu umodzi, ayi, awiriwa onse pansi pake ndi pulogalamu imodzi ya Asterisk ndipo amalankhula chilankhulo chimodzi cha SIP, amamvana bwinobwino. Kungoti zinthu zina zokometsera monga kugawana buku la manambala pa LDAP zimayenda mosavuta ngati mbali zonse ndi UCM, ife mayina a ku Limbe tinachita kuwalemba pamanja mu phonebook, si ntchito yaikulu kwa anthu ochepa koma wantchito akachoka kapena akabwera watsopano uyenera kukumbukira kusintha mbali zonse.

Tsono nkhani ya manambala ija, ndikhalitsapo pang'ono chifukwa apa mpomwe pagona zonse. UCM ikamachoka ku fakitale ma extension ake amayambira pa 1000, Yeastar nayonso amayambira pa 1000, ndipo amisiri ambiri akamaika amangosiya choncho. Nde taganizani, ku Lilongwe 1001 ndi abwana, ku Limbe 1001 ndi wa ku sitolo, munthu wa ku Limbe akadina 1001 makina ake alibe chifukwa choitumizira call ija ku Lilongwe, amangoliza foni ya pafupi. Pali njira ziwiri, mwina uike nambala yoyambira monga 7 kuti munthu azidina 71001 makina nkuchotsa 7 uja asanatumize, kapena usinthiretu manambala a ofesi imodzi. Ine ndikukulangizani yachiwiriyo ngakhale anthu angadandaule sabata yoyamba. Ife tinati Lilongwe yonse ikhale 1000 mpaka 1999, Limbe ikhale 2000 mpaka 2999, ndipo ma 3000 tinawasungira Mzuzu ngati Mulungu alola tidzatsegule kumeneko. Ubwino wake munthu akangoona nambala pa sikirini amadziwiratu kuti ikuchokera kuti, akapeza missed call amangodina kuibweza ndipo imapita yokha, pomwe ndi njira ya 7 ija missed call imaoneka 1001 basi, ukaibweza ikukalira kwa munthu wolakwika. Zili ngati manambala a nyumba mu lokeshoni, nyumba ziwiri zikakhala ndi nambala imodzi kalata imasochera ngakhale wopereka makalatayo akhale wakhama bwanji.

Manambala akakhala bwino zotsalazo zimayenda msanga. Pa UCM umapita ku VoIP Trunks nkupanga Peer SIP Trunk, osati Register SIP Trunk, ya register ija ndi ya pomwe kampani yakupatsa username ndi password, ya peer imangofuna IP ya mnzakeyo basi. Pamenepo yatsani Heartbeat Detection kuti makina azifunsana ngati mnzake alipo, layini ikagwa uzionera pa dashboard osati kumva kwa anthu akukalipa. Kenako Outbound Route, njira ya ma call otuluka, pattern yake _2XXX, musaiwale ka mzere ka pansi koyambirirako, X akuimira nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 9, Strip ikhale 0 chifukwa sitikuchotsa kanthu, Privilege Level ikhale Internal kuti ngakhale foni ya pa geti ithe kuimba ku Limbe. Ndiye pali mbali yomwe ambiri amaiphonya, Inbound Route, njira ya ma call olowa, pa trunk yomweyo, pattern _1XXX ndipo Default Destination musankhe By DID, kutanthauza kuti nambala yomwe wa ku Limbe wadina ndi yomwe ilire. Mukasiya izi mudzaona zoti Lilongwe ikutha kuimba ku Limbe koma Limbe ikaimba ikungoduka, kapena ma call onse akungothera pa reception. Ku Yeastar nako ndi chimodzimodzi mobwerera, Peer Trunk yoloza ku IP ya UCM, outbound ya ma 1XXX, ndipo kumeneko uyenera kusankha ma extension omwe akuloledwa kugwiritsa ntchito route imeneyo, extension yomwe sunaiike mu mndandandamo singaimbe.

VPN yathu ndi WireGuard pa ma rauta awiri a MikroTik, imabwera kale mu RouterOS 7 palibe chogula china. Chofunika ndi choti mbali imodzi ikhale ndi public IP, ife tinapempha ya ku Lilongwe, ku Limbe intaneti yake ili kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti ilibe public IP yakeyake, monga zimakhalira ndi ma rauta ambiri a SIM card komanso Starlink ya phukusi wamba, nde mbali ya Limbe ndi yomwe imayambitsa kulumikizana ndipo tinaika persistent keepalive ya masekondi 25 kuti njira isatsekeke pakakhala zii. Onetsetsaninso kuti maofesi awiriwa sali onse pa 192.168.1.0, ma rauta ambiri amabwera choncho ndipo zikafanana VPN imaoneka kuti yalumikizika koma palibe chikudutsa.

Vuto lomwe linatigwira nthawi ndi la mawu oyenda mbali imodzi. Foni ikulira bwinobwino, akauntanti athu ku Limbe anyamula, ine ndikuwamva akunena halo, halo, achimwene mukundimva, ndikuwamvanso akuuza wina pambali kuti zinthu zawozi sizikugwira, ine kuno ndikukuwa kuti ndikukumvani amayi koma kwa iwo kuli zii mpaka adula. Chimachititsa ndi choti kuliza foni ndi kunyamula mawu ndi njira ziwiri zosiyana, SIP imadutsa pa port 5060 pomwe mawu enieniwo amadutsa pa RTP, pa UCM ndi ma port 10000 mpaka 20000. Amene anaika makinawa poyamba, sinditchula dzina, anali atalemba IP yakunja pa External Host koma sanaike netiweki ya ku Limbe pa Local Network Address, nde UCM inkaona Limbe ngati mlendo wakunja ndipo mawu sankadutsa bwino mu VPN. Titangowonjezera subnet ya Limbe mu SIP Settings pa tab ya NAT nkupanga chimodzimodzi ku Yeastar, ndinaimbanso 2003, mayi aja ananyamula nkuti eee tsopano ndiye mukumveka ngati muli chipinda chinachi, ndipo anaitana anzawo awiri kuti nawonso ayese. Kwa inu amene simukudutsa mu VPN chinthu choyamba kuyang'ana ndi SIP ALG pa rauta, izimitseni, imafuna kuthandiza koma nthawi zambiri ndi yomwe imasokoneza.

Pomwe ndinaona kuti ndalama yathu yagwira ntchito ndi pa transfer. Kasitomala waimba pa layini ya MTL ku Lilongwe, mayi a pa reception amangoti dikirani pang'ono bambo ndikupatseni a ku Limbe, adina transfer, 2005, basi munthu akulankhula ndi wa ku sitolo ya Limbe pa call yomweyo osadziwa nkomwe kuti mawu ake ayenda mtunda wonse uja. Tinapanganso ring group, gulu la mafoni oyankha nambala imodzi, ya a malonda yoti ikalira kwa nthawi osayankhidwa ku Lilongwe ipite ku Limbe, nthawi ya nkhomaliro izi zatipulumutsira makasitomala ambiri.

Kenako pali gawo lokoma koma lofuna kusamala, loti ofesi ina izitulukira kunja kudzera pa malayini a inzake. UCM6302 ilibe polowetsa SIM card, ichi nde chosowa chachikulu kwa ife kuno komwe pafupifupi aliyense ali pa 088 kapena 099, ngati mukufuna SIM muyenera kugula GSM gateway payokha. Ife poti ku Limbe kunali kale module ya SIM tinapanga route yoti wa ku Lilongwe akadina 8 kutsogolo kwa nambala ya foni yam'manja, makina achotse 8 uja ndi Strip 1, call idutse mu trunk nkukatulukira pa SIM ya ku Limbe yomwe ili ndi bandulo ya maminitsi. Mobwerera, Limbe itha kutulukira pa malayini a MTL a ku Lilongwe, pa UCM umachonga Dial Trunk mu inbound route ija nkuika Privilege Level yomwe ukufuna, ine ndinaika National, International ayi. Module imodzi ndi call imodzi pa nthawi, nde musayembekezere kuti ofesi yonse izitulukira pamenepo.

Zinthu ziwiri muzisamale apa. Ambiri anazolowera kudina 9 kuti atuluke kunja, koma manambala athu adzidzidzi monga 997 ya polisi nawonso amayamba ndi 9, munthu ali pa mantha adina 997 makina nkuchotsa 9 uja nkutumiza 97, palibe komwe ipite. Nchifukwa chake ife tinasankha 8, ndipo manambala adzidzidzi tinawapangira route yawoyawo pamwamba pa zonse, yotulukira pa layini ya ofesi yomweyo, simukufuna kuti moto ukabuka ku Limbe foni ikalire kwa ozimitsa moto a ku Lilongwe. Chachiwiri musaike pattern yomeza chilichonse monga _X. mbali zonse ziwiri, munthu akadina nambala yomwe kulibe Lilongwe imaiponyera ku Limbe, Limbe nkuibwezera ku Lilongwe, ikungozungulira mpaka itadzaza njira yonse. Pattern iliyonse ikhale yothina, inene ndendende manambala omwe ikuloleza.

Pa chitetezo ndikupemphani ndithu abale anga, musatsegule port 5060 ku intaneti yonse chifukwa choti VPN yakuvutani. Pali anthu omwe ntchito yawo ndi kusakasaka ma PBX otseguka usiku ndi usana, akalowa amaimba manambala akunja odula usiku wonse kapena weekend yonse ndipo bilu imabwera kwa inu. UCM ili ndi Fail2ban mkati momwemo, yomwe imatsekera kunja woyesayesa ma password olakwika, iyatseni, ma password a ma extension asakhale 1234 kapena nambala ya extension yomweyo, ndipo International ipatsidwe kwa anthu okhawo omwe amaimbadi kunja. Komanso musatengeke ndi anthu okuuzani kuti muzilandira ma call ochokera kunja pa intaneti nkumawatulutsa pa SIM zakuno kuti mupangepo ndalama, imeneyo ndi simbox ndipo ndi mlandu, a MACRA salola. Kulumikiza maofesi anu nokha kuti muzilankhulana ndi nkhani ina. Kabokosika kamathanso kujambula ma call, abwana anaikonda mbali imeneyi, koma ndinawauza kuti antchito ndi makasitomala ayenera kudziwitsidwa kaye, pano tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 ndipo ngakhale pakanapanda lamulo si bwino kumujambula munthu mobisa.

Mawu amamveka bwanji? Bwino kwambiri, kuposa pa foni yam'manja masiku ambiri, bola intaneti ikhale yokhazikika. Sizifuna liwiro lalikulu ayi, call imodzi pa G.711, imodzi mwa njira zonyamulira mawu, imadya pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse ukaphatikiza zonse, pa G.729 imatsika kufika cha m'ma 31 kbps koma mawu amachepako kukoma. Ife tinasiya G.711 ya a-law, yomwe imagwiritsidwa ntchito kuno ndi ku Ulaya, u-law ndi ya ku America ndi Japan, ndipo muike yofanana mbali zonse kuti makina asamavutike kutembenuza. Chomwe chimapha mawu si kuchepa kwa ma megabit koma kuchedwa ndi kudukaduka, a ITU, bungwe la dziko lonse loona za mafoni, amalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira 150 ms mbali imodzi, kupitirira apo anthu amayamba kulankhulirana pamodzi nkumangoti pitirizani, ayi pitirizani inuyo. Masana anthu akayamba kuonera mavidiyo kapena wina akamatumiza fayilo yaikulu mawu ankanjenjemera, tinaika queue pa MikroTik yoti mawu azidutsa patsogolo pa china chilichonse ndipo zinatha. DTMF, njira yotumizira mabatani omwe munthu wadina, muike RFC2833 mbali zonse, apo ayi munthu akauzidwa kuti dinani 1 kapena 2 makina sakumva.

Magetsi nawo musawaiwale. Foni ya MTL yakale ija inkatenga mphamvu pa waya wake womwe, magetsi akazima imagwirabe, izi ayi, PBX, rauta, switch ndi mafoni onse zimafuna moto, ndipo mbali zonse ziwiri, Lilongwe itha kukhala ndi magetsi koma Limbe ikazima njira yagwa. Mwayi wake UCM6302 imalandira PoE, moto wodutsa pa kebulo ya netiweki, nde ife tinaika switch imodzi ya PoE pa inverter ndi batire, imadyetsa kabokosiko ndi mafoni onse a pa desiki, sizidya moto wambiri. Ngati bajeti ndi yochepa chepetsani mafoni a pa desiki, ena agwiritse ntchito app ya Wave pa foni yam'manja kapena pa kompyuta, koma batire musalisiye. Ndipo mu outbound route muli malo oika Failover Trunk, layini ina yodutsamo call njira yoyamba ikagwa, ngakhale kuti nambala ya mkati ngati 2005 singadutse pa layini yakunja mmene ilili, umayenera kuisintha ndi Strip ndi Prepend kuti isanduke nambala yakunja ya ku Limbe, ikalira pa reception kumeneko, bolanso kusiyana ndi kungoduka.

Kwa amene muli ndi Panasonic yakale ija ya KX-TES824 yomwe ili m'maofesi ambiri, itha kulumikizidwa nayo koma musayembekezere zambiri. Umatenga port ya extension ya Panasonic nkuilowetsa mu FXO ya UCM, waya umodzi call imodzi, dzina la woimba nthawi zambiri silidutsa, ndipo ngati sunakonze bwino zoti UCM izizindikira kulira kwa busy layini imatha kukhala yogwidwa anthu atadula kale. Ngati njira yodutsira miyezi ingapo ndi yabwino, koma Panasonic inalengeza kumapeto kwa 2020 kuti ikusiya kupanga makina amenewa, nde zida zake zosinthira zizisowa. Ngati PBX yanu yakale ndi ya E1, 6302 si yanu, ilibe port imeneyo, yang'anani makina okhala ndi port ya E1 kapena gateway.

Za mtengo sindilemba nambala chifukwa imasintha ndi dola, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu November 2023 quotation ya zinthu ngati izi simakhalitsa, funsani malo awiri atatu ndipo funsaninso ngati katunduyo ali m'dziko muno kale kapena achita kuitanitsa. Wogulitsayo akuuzeni za warranty ndi zoti ikawonongeka mupita nayo kuti. Ndipo ngati mukulemba mmisiri woti akuikireni, mgwirizane asanayambe kuti akamaliza akusiyirani password ya admin, backup ya makina onse awiri, ndi pepala lolembapo ma route onse ndi ma pattern ake, ena amasunga password kuti muziwaitana pa kalikonse kakang'ono ngakhale kusintha dzina pa extension.

Menu yake ili ndi zinthu zambiri zedi ndipo yonse ndi chingerezi cha amisiri, munthu woti sanagwirepo PBX asayembekezere kuti angoyatsa nkuyamba kuimba, koma amene amadziwa IP address ndi subnet atha kuikwanitsa powerenga ma guide a pa webusaiti ya Grandstream, analemba bwino ndi zithunzi zomwe. Ngati muli ofesi imodzi ya anthu asanu musavutike nazo, foni yam'manja ndi WhatsApp zikukwanirani. Koma ngati muli ndi nthambi ndipo makasitomala amaimba pa nambala ya kampani, ine ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu, imodziyo ndachotsa chifukwa cha SIM card ija, ndipo ku Mzuzu tikadzatsegula ndikufuna tidzaikeko yaing'ono yake UCM6301 kuti phonebook izidzigawana yokha.